Maola 10 Pakati pa Lusaka ndi London: Kodi Kufupika kwa Ulendo Kumakulitsa Udindo?

Mtunda wa pakati pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka ndi bwalo la Heathrow ku London ndi makilomita pafupifupi 7,900, ndipo ndege yaikulu yonyamula anthu, imene ikafika m'mwamba imathamanga makilomita 850 kapena 900 pa ola, ingathe kuumaliza m'maola pafupifupi 10 ngati siitera pena paliponse m'njira. Manambala awiriwa adawerengedwa kuti athandize oyendetsa ndege kudziwa mafuta ofunika ndi nthawi yofikira, koma masiku ano akugwira ntchito ina imene owerengawo sadaiganizire, chifukwa asanduka muyeso woweruzira anthu. Pa nyumba ya siwa ku Kabwata, ku Chelstone kapena ku Woodlands mumzinda wa Lusaka, mwana wa malemu amene ali ku Mangalande akapanda kuoneka, mawu amene amanenedwa chapansipansi pamoto wa abambo ndi akuti ulendo wake ndi wa usiku umodzi wokha. Pansi pa mawu amenewa pali funso lakale la chipembedzo ndi la nzeru zakuya, lakuti kodi udindo wa munthu kwa abale ake, amoyo ndi akufa omwe, umakula pamene njira yowafikira yafupika, nanga ndani ali woyenera kunena kuti njirayo ndi yaifupi.

Poyamba nkofunika kudziwa chimene nambala ya 7,900 imanena. Popeza dziko lapansi ndi lobulungira, njira yaifupi kwambiri pakati pa malo awiri siioneka bwino pa mapu afulati a pakhoma la sukulu, koma imapezeka monga mmene munthu angakokere ulusi pamwamba pa dzungu kuchokera pa kadontho kena kufika pa kanzake, ulusiwo nkugona mokhota motsata thupi la dzungulo. Mtunda woyesedwa moteremu susintha ndipo ndi wofanana popita ndi pobwerera. Nthawi ya ulendo ndiyo imasinthasintha, chifukwa imadalira mphepo za m'mwamba, njira zimene maiko amalola ndege kudutsamo, ndi kudikira pabwalo. Palinso nkhani ya mawotchi. Kuyambira pa msonkhano wa ku Washington wa mu 1884, umene udasankha mzere wodutsa ku Greenwich kukhala poyambira, maiko amawerenga ola limodzi pa madigiri 15 alionse opita kum'mawa kapena kumadzulo, ndipo Lusaka, amene ali pa madigiri 28 kum'mawa, amatsogola London ndi maola 2, kapena ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala. Ulendowu ndi wolowera kumpoto, kotero wotchi siisokonekera kwenikweni, ndipo munthu wonyamuka usiku nkufika m'mawa amakhala ngati wangogona nkudzuka. Apa mpamene maganizo akuti London ali pafupi amapezera mphamvu.

Chovuta nchakuti ulendo wa maola 10 umenewu wakhala wa m'mabuku chabe kwa zaka zambiri. Kampani yakale ya Zambia Airways, imene ndege yake ya DC-10 yotchedwa Nkwazi inkapita ku London ndi ku New York, idatsekedwa mu Disembala 1994, ndipo British Airways idasiya kutera ku Lusaka mu Okutobala 2013. Kuyambira pamenepo wapaulendo amayamba wapita ku mzinda wina kukasintha ndege. Wodzera ku Addis Ababa amauluka maola pafupifupi 4 kenako ena 8, osawerengera odikira pakati, pamene wodzera ku Dubai, kumene ndege za Emirates zobwera ku Lusaka zidayamba kuchokera mu 2012, amayenda makilomita pafupifupi 5,400 kulowera kumpoto chakum'mawa ndi enanso 5,500 kubwerera kumadzulo, zimene zimawonjezera makilomita pafupifupi 3,000 pa njira yolunjika ija. Njira ya ndege imakhotera kumene kuli anthu ambiri ogula matikiti, ndipo mzinda umene ulibe anthu otere okwanira umatalikira ngakhale sudasunthe pamalo pake.

Kusiyana kwakukulu kuposa pamenepa kuli m'mapepala. Kuyambira kumapeto kwa 2022, munthu wokhala ndi pasipoti ya ku Britain amalowa m'Zambia popanda viza, ndiye kuti chilolezo cholowera m'dziko la eni, pamene mayi wa ku Kabwata wofuna kukaona mwana wake wodwala ku Leeds ayenera kupempha chilolezocho, kulipira ndalama zosabwezedwa, kuonetsa umboni wa chuma chake ndi wakuti adzabwerera, ndi kudikira yankho limene nthawi zambiri limatenga masabata atatu ndipo lingathe kukhala lokana. Naye mwana amene ali kumeneko, ngati wapempha kuti chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chiwonjezedwe ndipo yankho silinatuluke, sangatuluke m'dzikomo popanda kutaya pempho lakelo. Motero makilomita ndi ofanana mbali zonse ziwiri, koma kutalika kumene munthu amakumana nako nkosiyana malinga ndi kumene akulowera ndi buku limene wanyamula m'thumba. Wonena kuti ndi usiku umodzi wokha akunena zoona za makina, osati za munthu.

Mbiri ya dziko la Zambia ili ndi mitembo itatu ya anthu otchuka imene imaonetsa bwino nkhaniyi. David Livingstone adamwalira mu Meyi 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, ndipo antchito ake, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, adakwirira mtima wake patsinde pa mtengo wa mpundu, naumitsa thupi lake padzuwa, nalinyamula pamapewa mpaka ku Bagamoyo kugombe la nyanja, kumene adafika mu Febuluwale 1874. Thupilo lidaikidwa m'manda ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874, patatha miyezi 11 chimwalirire mwini wake. Pulezidenti Michael Sata, amene adakhalapo phungu wa Kabwata m'zaka za m'ma 1980 ndipo ndiye adapatsa bwalo la ndege la Lusaka dzina la Kenneth Kaunda mu 2011, adamwalira ku London pa 28 Okutobala 2014, ndipo thupi lake lidatera pa bwalo lomwelo pa 1 Novembala, patangopita masiku 4. Pulezidenti wakale Edgar Lungu adamwalira ku Pretoria pa 5 Juni 2025, pamtunda wa makilomita pafupifupi 1,200 okha, umene ndege imaumaliza m'maola 2, koma chifukwa cha kusagwirizana kwa banja ndi boma pa za mwambo wa maliro, nkhaniyo idalowa m'makhoti a ku South Africa ndipo miyezi idatha thupi lisanasunthe. Pa atatuwa, amene adali pafupi kwambiri ndiye adasowa njira, ndipo amene adalibe galimoto kapena ndege adafika chifukwa panali anthu otsimikiza mtima kumunyamula. Liwiro la ndege lidagwira ntchito pa mmodzi yekha, pamene boma, banja ndi ndalama zidayang'ana kumodzi.

Kabwata iyemwini adayamba ngati malo a anthu otalikirana ndi kwawo. Lusaka atakhala likulu la Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia, mu 1935, boma la atsamunda lidamanga kumeneku tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu tosungiramo amuna obwera kudzagwira ntchito, ambiri a iwo atasiya akazi ndi ana kumudzi, ndipo tina mwa tinyumbati tidasungidwa mu 1974 kukhala mudzi wa zachikhalidwe umene uli m'mbali mwa msewu wa Burma. M'masiku amenewo ndege inalipo kale, popeza kuyambira mu 1932 ndege za Imperial Airways zopita ku Cape Town zinkatera ku Mpika ndi ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, pa ulendo wa masiku 11 kuchokera ku London, koma mwamuna wa ku Katete wogona m'kanyumba ka ku Kabwata ankangoiona ikudutsa. Uthenga wa imfa ya amayi ake unkamupeza pa kalata kapena pakamwa pa munthu wochokera kumudzi, maliro ataikidwa kale, ndipo palibe amene ankamuimba mlandu. Mwambo udali ndi malo ake a munthu wotere: akapeza mpata ankapita, nafikira kulira pakhomo, napereka chipepeso, akuluakulu namuperekeza kukamuonetsa manda, ndipo ngati wafika m'meto usanachitike, ndiwo mwambo wometa tsitsi wotsekera nyengo ya chisoni, ankameta pamodzi ndi abale ake. Amene ankadzudzulidwa ndi mtchona, munthu wopita kutali osabweranso kapena kutumiza mawu, ndipo chimene chinkamutsutsa chinali kuiwala kwake, osati kuchedwa kwake.

Immanuel Kant, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany amene adakhala ndi moyo kuyambira 1724 mpaka 1804, amadziwika ndi mfundo yakuti munthu sangakhale ndi udindo wochita chinthu chimene sangathe kuchichita. Mfundoyi ndiyo inkamasula wantchito wa ku Kabwata wa zaka za m'ma 1940, ndipo ndi yomweyo imene ikuoneka ngati ikumanga namwino wa ku Manchester lero, chifukwa ndege yasandutsa chosatheka kukhala chotheka. Peter Singer wa ku Australia adapita nayo patsogolo mu 1972, pamene adalemba kuti kutalika kwa malo sikuchepetsa udindo wothandiza wovutika, popeza mauthenga ndi maulendo amakono adachotsa chodzikhululukira chimenecho. Pali choonadi m'mawu amenewa, ndipo mwana amene ali ndi mapepala abwino, ntchito yolola tchuthi ndi ndalama m'banki sangabisale kuseri kwa makilomita monga ankachitira agogo ake. Komabe mfundo ya Kant ili ndi mbali yachiwiri imene oweruza a pamoto wa maliro amailumpha, yakuti tiyenera kufunsa chimene chili chotheka kwa munthu uyu, pa tsiku ili, osati chimene chili chotheka kwa ndege. Wosamalira okalamba amene adakongola ndalama kuti apite kunja, amene tikiti yogulidwa mwadzidzidzi ingamudyere malipiro a mwezi wathunthu kapena kuposerapo, ndiponso amene malipiro omwewo ndiwo akugula bokosi ndi ufa wa pamaliro, ali ndi zotheka ziwiri zimene sizingachitike pamodzi. Akasankha kutumiza ndalama, abale amadya nsima yake uku akumunena kuti sadabwere.

Palinso mbali ina imene siinenedwa kawirikawiri, ndiyo yakuti nthawi imene ndege imapulumutsa kwa mmodzi imalipiridwa ndi ena. Kale maliro ankaikidwa mawa lake kapena mkuja, chifukwa thupi silinkadikira. Lero kuli mochale, nyumba yozizira yosungiramo mitembo, ndipo banja lingathe kunena kuti tidikire mwana woyamba afike. Masiku odikirawo ali ndi kulemera kwake kumene wapaulendo sakuona. Mipando ya pabalaza imatulutsidwa panja, amayi amagona pansi pamphasa ndi pazitenje m'nyumba yopanikizana, abambo amachezera pamoto pansi pa tenti yobwereka, ndipo kuseri kwa nyumba amayi a chigwirizano kapena a bungwe la mpingo amavundula nsima m'miphika ikuluikulu m'mawa ndi madzulo, matumba a makala ndi a ufa akutha limodzi ndi limodzi. Ambiri mwa amayiwa ndi ogulitsa tomato ndi kapenta pamsika wa Kabwata, ndipo tsiku lililonse limene akhala pa siwa ndi tsiku limene tebulo lawo lavundikiridwa ndi pulasitiki. Maliro a masiku atatu akasanduka a masiku khumi chifukwa cha tikiti yotsika mtengo ya sabata yamawa, mwana wa ku London wachita bwino kubwera, koma ulemu umene wapereka kwa kholo lake walipiridwa mbali ina ndi anthu osauka kuposa iye, amene sadafunsidwe. M'mikangano ya udindo mbali iyi ndiyo iyenera kulemera kwambiri kuposa mmene imalemerera, chifukwa odikirawo nawonso ndi anansi.

Funso limakula pamene womwalirayo ndiye ali kutali. Mabanja a ku Zambia okhala ku Britain amasonkherana ndalama zambiri, nthawi zina kwa masabata angapo, kuti thupi likonzedwe ndi mankhwala, litsekeredwe m'bokosi lovomerezeka, lipatsidwe zikalata ndi kukwezedwa m'chipinda cha katundu cha ndege, ndipo ambiri mwa osonkhawo ndi Akhristu amene amavomereza kuti Mulungu ali paliponse. Ngati kwa Mulungu kulibe kutali, nchifukwa chiyani mtembo uyenera kuyenda makilomita pafupifupi 11,000 kudzera ku Dubai? Mpingo wakale udakumana nalo funso lomweli, ndipo amene adalisinkhasinkha mozama adali munthu wa mu Africa. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, akufotokoza m'buku la kuulula kwake kuti amayi ake, Monica, adali atakonzeratu manda awo pafupi ndi a amuna awo ku Thagaste, koma atadwala ku Ostia m'dziko la Italy mu 387, adauza ana awo kuti asavutike ndi za malo oika thupi lawo, popeza Mulungu sadzasowa kumene angawaukitsire, ndipo chimene adapempha ndi kukumbukiridwa paguwa. Patapita zaka zoposa 30, poyankha funso la Paulinus wa ku Nola, Augustine adalemba kabuku kena konena za kusamalira akufa, mmene adaphunzitsa kuti malo a manda ndi ulemerero wa maliro sizithandiza womwalirayo mwa izo zokha, koma zimatonthoza amoyo ndi kuwakumbutsa kumupempherera, ndipo pa chifukwa chimenechi siziyenera kunyozedwa.

Baibulo lomwelo lili ndi mawu a mbali inayo. Yakobo adalumbiritsa mwana wake kuti asamuike ku Ejipito, ndipo adanyamulidwa mpaka ku phanga la Makipela, pamene mafupa a Yosefe adayenda ndi Aisraeli m'chipululu kufikira ataikidwa ku Sekemu. Kwa iwowa manda adali umboni wa lonjezo la dziko, chizindikiro chakuti ana awo sali a ku Ejipito ngakhale adabadwira komweko. Chikhulupiriro cha makolo a Achewa chili pafupi ndi maganizo amenewa, popeza munthu ndi wa mbumba ya amayi ake, manda ake oyenera ali m'msitu wa mudzi umenewo, adzukulu okumba ndi kuika ali komweko, ndipo mzimu umene sudaperekezedwe bwino umaopedwa kuti ungavutitse otsala. Asilamu a ku Lusaka ali ndi yankho losiyana ndi onsewa, chifukwa chiphunzitso chawo chimafulumiza kuika maliro, nthawi zambiri tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndipo munthu amaikidwa kumene imfa yamupeza, nkhope yake italoza ku Mecca. Kwa iwo chofunika ndi kumene thupi layang'ana, osati mtunda umene layenda, ndipo mbale wofika mochedwa alibe mlandu chifukwa palibe amene adalonjeza kumudikira.

Kungakhale kupeputsa nkhani kunena kuti Mkhristu wa ku Kabwata amene amasonkhera ulendo wa mtembo akungotsata mizimu mobisa, monga mmene alaliki ena amanenera. Chifukwa cha Augustine nchokwanira kumuteteza: mayi wokalamba amene adakanizidwa viza sangapite kukaona manda a mwana wake ku Birmingham, ndipo ngati manda ali chitonthozo cha amoyo, ayenera kukhala kumene wamoyo wosatha kuyendayo angafike. Popeza mapepala amatsekera amoyo njira yopita kumpoto, akufa ndiwo amayenda kubwera kumwera, ndipo nzodabwitsa kuti nthawi zina mtembo umadutsa malire mosavuta kuposa mayi wake. Koma chifukwa chomwechi chimaika malire pa mwambowu. Ngati ndalama zobweretsera thupi zisiya mkazi wamasiye ndi ngongole ya zaka, kapena zidya fizi ya ana a malemu, ndiye kuti chitonthozo cha amoyo ena chagulidwa ndi kusauka kwa amoyo anzawo, ndipo palibe chiphunzitso cha mpingo chimene chimalamula zimenezo.

Ngakhale thupi litatera pa bwalo la Kenneth Kaunda, funso la kwawo silinathe. Abale ena amafuna manda a ku Leopards Hill, pafupi ndi nyumba imene malemu adakuliramo, pamene amalume, amene mwa mwambo ndiwo eni mbumba, angafune kumudzi ku Katete, ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa msewu wa Great East, wodutsa pa mlatho wa Luangwa, ku Nyimba ndi ku Petauke, umene galimoto yonyamula bokosi imauyenda pafupifupi tsiku lonse. Ndipo pali gulu lachitatu limene silikhala ndi mawu pa zokambiranazo, ndilo ana a malemu obadwira ku Britain, amene adzabwerera kusukulu sabata yotsatira. Amayi a malemu ali ndi zaka zochepa zotsala zoti aziyendera mandawo, pamene anawo ali ndi zaka makumi ambiri, ndipo kwa iwo Katete adzakhala kutali monga mmene Birmingham aliri kwa agogo awo. Mfundo yakuti manda ndi a amoyo siinena kuti ndi amoyo ati, a lero kapena a mawa, ndipo mabanja ambiri amagamula nkhaniyi potsata amene walankhula mwamphamvu kapena amene watulutsa ndalama zambiri.